Kuyeza mpweya wa nitric oxide kwa odwala COPD: zimene nambala ya FeNO imanena ndi zimene siinena

Munthu wamkulu akayamba kubanika, pachifuwa pakumveka kulira ngati likhweru usiku, ndipo akuima kawiri kuti apume pokwera kachitunda kochokera pamalo otsikira teksi, achibale amakhala atapereka kale dzina la matendawo: mphumu. M'Chichewa tilibe dzina lina lozolowereka la matenda amene madokotala amawatchula kuti COPD, kotero kuti ngakhale ife omasulira nkhani za umoyo timakakamizika kulemba zilembo zinayizi mmene zilili. Vuto lake silithera pa chilankhulo. Mphumu ndi COPD zimafanana kunja koma zimasiyana m'kati mwa mapapo, ndipo mankhwala amene ali msanamira ya chithandizo cha mphumu amathandiza odwala COPD ena okha, pamene ena angawabweretsere chibayo kapena chifuwa chachikulu cha TB.

Kuyeza kotchedwa FeNO ndi njira imodzi imene dokotala angagwiritse ntchito pofuna kudziwa kuti wodwala ali m'gulu liti. Tsamba lino likufotokoza mmene kuyezaku kumachitikira, tanthauzo la zotsatira zake, ndi malire ake kwa anthu odwala COPD, makamaka amene akukhala ku Durban ndi madera ozungulira.

COPD ndi matenda otani

COPD ndi matenda a mgonagona amene njira za mpweya m'mapapo zimachepa ndipo timatumba ta mpweya timawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mpweya umalowa koma umavuta kutuluka. Zizindikiro zake ndi phuma pogwira ntchito, kutsokomola kosatha ndi makhololo, ndipo nthawi zambiri zimayamba kuonekera munthu atapitirira zaka 40. Mphumu imabwera n'kupita, ndipo pakati pa kugwidwa kuwiri munthu angapume bwinobwino. COPD siichoka. Pali masiku abwino ndi masiku oipa, komanso nthawi zimene matendawa amakula mwadzidzidzi mpaka munthu kugonekedwa m'chipatala, koma mapapo sabwerera mwakale.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2021 matendawa anapha anthu pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo mwa amene amamwalira nawo asanafike zaka 70, pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi a m'mayiko osauka ndi apakati. South Africa ili pamzere woyamba. Pa kafukufuku wa BOLD amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2007, mwa malo 12 a m'mayiko osiyanasiyana amene anayezedwa, Cape Town ndi imene inali ndi odwala COPD ochuluka kwambiri.

Njira yokhayo yotsimikizira COPD ndi kuyeza kwa spirometry. Wodwala amauzira mwamphamvu m'kachubu, ndipo makina amawerengera mpweya umene watuluka m'sekondi yoyamba poyerekeza ndi mpweya wonse umene angathe kutulutsa. Ngati wa m'sekondi yoyamba sukufika magawo 70 pa 100 alionse, ngakhale wodwalayo atapatsidwa mankhwala otsegula njira za mpweya, ndiye kuti njirazo ndi zotsekeka. FeNO siyeza zimenezi, ndipo siingalowe m'malo mwa spirometry. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira kuyambira pachiyambi.

Kuno fodya si chiyambi chokha

M'mabuku ambiri olembedwa ku Ulaya ndi ku America, wodwala COPD ndi bambo wachikulire amene wasuta ndudu zaka 30. Ku KwaZulu-Natal wodwala wotere aliponso, koma pambali pake pamakhala mayi amene sanagwirepo ndudu, amene anakulira ku Mangochi kapena ku Dedza akuphika ndi nkhuni m'kakhitchini kopanda zenera, ndipo tsopano amaphikira pa chitofu cha palafini m'chipinda chimene amagonamo. Pamakhala mnyamata wa zaka 35 amene anamaliza mankhwala a TB, anauzidwa kuti wachira, koma phuma silinachoke chifukwa matendawo anasiya zipsera m'mapapo. Pamakhala osuta chamba, ogwira ntchito m'fumbi la simenti ndi la matabwa, ndi madala amene anapita ku migodi ya golide kudzera ku Wenela ndi Teba n'kubwerako ndi mapapo odzaza fumbi la miyala. Kachilombo ka HIV nakonso kamawonjezera mpata wodwala COPD, ngakhale kwa amene akumwa ma ARV mokhulupirika.

Palinso mpweya wa mzindawu. Kumwera kwa Durban, madera a Merebank, Wentworth ndi Bluff anamangidwa moyandikana ndi mafakitale, kuphatikizapo oyenga mafuta a Engen ndi Sapref komanso fakitale ya mapepala ya Mondi. Kafukufuku amene anachitika m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, amene mmodzi mwa atsogoleri ake anali Pulofesa Rajen Naidoo wa ku University of KwaZulu-Natal, anapeza kuti ana a kumweraku anali ndi mavuto a mphumu kuposa anzawo a kumpoto kwa mzinda. Ana a nthawi imeneyo ndi akuluakulu lero, ndipo munthu amene anakula ndi mphumu yosasamalidwa bwino angafike pa uchikulire njira zake za mpweya zitatsekeka kotheratu. Pa spirometry amaoneka ngati wodwala COPD wina aliyense, koma m'kati mwake muli moto wa mtundu wa mphumu.

Anthu onsewa angapatsidwe dzina limodzi la matenda, koma kutupa kumene kuli m'njira zawo za mpweya si kumodzi. Apa ndi pamene FeNO imabwerapo.

Nitric oxide ndi chiyani

Nitric oxide ndi mpweya wopanda mtundu umene thupi limapanga lokha. Ntchito yake yodziwika kwambiri ndi kumasula mitsempha ya magazi, ndipo asayansi atatu, Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad, analandira mphoto ya Nobel mu 1998 chifukwa chotulukira zimenezi. Mu 1991 ofufuza a ku Sweden anaonetsa kuti mpweyawu umapezekanso m'mpweya umene timatulutsa popuma, ndipo mu 1993 zinadziwika kuti odwala mphumu amautulutsa wochuluka kuposa anthu ena.

Chifukwa chake ndi ichi. Kutupa kwa m'njira za mpweya kuli mitundu ikuluikulu iwiri. Mtundu woyamba, umene umapezeka mwa odwala COPD ambiri, umayendetsedwa ndi maselo oyera a magazi otchedwa neutrophil, ndipo sumvera kwenikweni mankhwala a steroid. Mtundu wachiwiri umayenderana ndi maselo otchedwa eosinophil, ndiwo umene umapezeka mwa odwala mphumu ambiri, ndipo steroid amauziziritsa bwino. Pa kutupa kwa mtundu wachiwiriwu, thupi limatulutsa timithenga totchedwa IL-4 ndi IL-13, timene timalamula khungu la m'kati mwa njira za mpweya kupanga nitric oxide wambiri. Choncho makina akapeza nitric oxide wochuluka m'mpweya wotuluka, amakhala ngati aona utsi umene ukusonyeza mtundu wa moto umene ukuyaka m'katimo. Odwala COPD ena, ngakhale si ambiri, ali ndi kutupa kwa mtundu wachiwiriwu.

Mmene kuyezaku kumachitikira

Palibe jakisoni, palibe kutenga magazi. Makina ake ndi aang'ono, onyamulika m'manja. Mumakhala pampando, mumatulutsa mpweya wonse, kenako mumaika milomo pa kachubu katsopano n'kukoka mpweya mpaka mapapo atadzaza. Mukatero mumauzira pang'onopang'ono, mosasinthasintha, kwa masekondi pafupifupi 10. Pa makina ambiri pamaoneka kachithunzi, monga kamtambo kapena chibaluni, kamene muyenera kukasunga pakati pa mizere iwiri. Mukauzira mwamphamvu kamakwera, mukafooka kamatsika. Zotsatira zimatuluka pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri.

Kuuzira kofatsaku kuli ndi chifukwa. Kuchuluka kwa nitric oxide kumasintha malinga ndi liwiro la mpweya, kotero akatswiri anagwirizana kuti aliyense aziyezedwa pa liwiro limodzi, mamililita 50 pa sekondi. Komanso kachubuko kamakaniza mpweya pang'ono mwadala kuti khomo la pakati pa kukamwa ndi mphuno litsekeke, popeza m'mphuno mumakhala nitric oxide wambiri amene angasokoneze nambala. Amene anazolowera spirometry, kumene amauzidwa kuphulitsa mpweya ndi mphamvu zonse, amalakwitsa kawirikawiri ulendo woyamba. Palibe chochititsa manyazi, mumangoyesanso. Wodwala amene phuma lamukulira angalephere kufika masekondi 10, ndipo ayenera kunena m'malo modzikakamiza.

Ngati tsiku lomwelo mukuyezedwanso spirometry, FeNO iyambe ndiyo, chifukwa kuuzira mwamphamvu kumatsitsa nambala kwa kanthawi. Kwa ola limodzi musanayezedwe musasute, musadye, musamwe china chilichonse kupatula ngati achipatala akuuzani, ndipo musachite ntchito yolemetsa. Ndiwo zamasamba monga sipinachi ndi letesi, komanso beetroot, zili ndi mchere wa nitrate umene umakweza nambala kwa maola angapo. Si kuti ndiwozi ndi zoipa, ayi, koma m'mawa wa tsiku loyezedwa ndi bwino kuzisiya. Ngati muli ndi chimfine, kapena mphuno zanu zimayabwa ndi kutuluka mamina nyengo ya mungu, auzeni oyezawo, pakuti zonsezi zimakweza nambala.

Ndipo ngati mukutsokomola mwachilendo, mukutuluka thukuta usiku, mukutentha thupi kapena mukuwonda, makhololo anu ayezedwe kaye TB musanauzire m'makina alionse.

Kuwerenga nambala

Zotsatira zimalembedwa m'magawo a pa biliyoni, mwachidule ppb. Malangizo a bungwe la American Thoracic Society a mu 2011 amagawa nambala za akuluakulu motere: yosafika 25 ndi yotsika, ndipo kutupa kwa ma eosinophil n'kokayikitsa, yopitirira 50 ndi yokwera, ndipo steroid angathandize, ya pakati pa 25 ndi 50 imafuna kuti dokotala aiwerenge pamodzi ndi zina zonse zimene akudziwa za wodwalayo.

Malire amenewa anakhazikitsidwa makamaka poganizira mphumu. Kwa odwala COPD palibe malire amene akatswiri onse anagwirizana, ndipo odwala ambiri amakhala ndi nambala yotsika kapena yapakati. N'chifukwa chake malangizo a GOLD, amene madokotala a m'mayiko ambiri amatsatira posamalira COPD, amadalira kuwerenga ma eosinophil m'magazi posankha za steroid, osati FeNO. Wina akakuuzani kuti makinawa akuuzani ngati muli ndi COPD, kapena kuti akuuzani kukula kwa matenda anu, wakuuzani zoposa zimene makinawo angathe.

Msampha waukulu ndi fodya. Utsi wa fodya umatsitsa nitric oxide wa m'njira za mpweya, kotero wosuta angakhale ndi kutupa kwa ma eosinophil koma makina n'kuonetsa 15. Popeza odwala COPD ambiri ndi osuta, nambala yotsika mwa iwo siitsimikizira kalikonse. Zikatembenuka, nkhani imasintha: wosuta amene nambala yake yakwera ngakhale fodya akuikankhira pansi, ameneyo dokotala ayenera kumuyang'anitsitsa, chifukwa mwina ali ndi mphumu pamwamba pa COPD. Ena amadabwa kuona nambala itakwera miyezi ingapo atasiya kusuta n'kuganiza kuti kusiyako kwawapweteka. Sichoncho. Chophimba chachoka, ndipo makina akuona zimene zinalipo kale. Pa chifukwa chimenechi, kubisira dokotala kuti mumasuta, kaya ndudu, chingambwe kapena chamba, ndi kudzinamiza nokha, pakuti iye adzawerenga nambalayo molakwika.

Mankhwala a steroid nawonso amatsitsa nambala, opumira ndi akumwa omwe. Ngati mwakhala mukugwiritsa ntchito inhela yokhala ndi budesonide, beclomethasone kapena fluticasone, kapena mwangomaliza mapiritsi a prednisone, nambala yotsika ingangotanthauza kuti mankhwalawo akugwira ntchito. Ikakhala yokwera pamene munthu akuti akupopera tsiku ndi tsiku, funso loyamba si lowonjezera mankhwala, koma loona ngati akupopera moyenera ndi ngati mankhwalawo akufikadi m'mapapo.

Chifukwa chake chisankho cha steroid n'cholemera kuno

Maziko a chithandizo cha COPD ndi mankhwala opumira otsegula njira za mpweya, amene amagwira ntchito maola 12 kapena 24. Steroid wopumira amawonjezedwa pamwamba pa amenewa, ndipo pa COPD saperekedwa payekha. Ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa nthawi zimene matenda amakula mwadzidzidzi. Malinga ndi GOLD, amene amapindula kwambiri ndi odwala amene anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha COPD, amene matenda amawakulira kawiri kapena kuposa pa chaka, amene ali ndi ma eosinophil 300 kapena kuposa pa maikulolita imodzi ya magazi, ndi amene ali ndi mbiri ya mphumu. Amene ma eosinophil awo sakufika 100, amene amadwala chibayo mobwerezabwereza, ndi amene anadwalapo TB kapena matenda a tizilombo ta mtundu wake, kwa iwo kuopsa kungapose phindu.

Chiganizo chomalizachi chimawerengedwa mopepuka ku London kapena ku Stockholm, kumene TB ndi yosowa. Ku eThekwini, limodzi mwa maboma amene ali ndi odwala TB ndi HIV ochuluka kwambiri m'dziko la South Africa, chimakhudza anthu ambiri amene ali pamzere wa ku chipatala. Steroid wopumira amafooketsa chitetezo cha m'njira za mpweya, amawonjezera mpata wa chibayo, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti amawonjezeranso mpata wa TB, makamaka pa mlingo waukulu. Kupereka steroid kwa aliyense wobanika, poganiza kuti zonse ndi mphumu, ndi kuika anthu ambiri pa ngozi popanda phindu. Kumana steroid munthu amene alidi ndi mphumu ndi ngozi inanso, yoopsa kuposa, chifukwa mphumu yopanda steroid imapha. Umboni uliwonse wothandiza kulekanitsa magulu awiriwa uli ndi mtengo wake, ndipo FeNO ndi umodzi mwa maumboniwo.

Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga lopinavir kapena atazanavir wophatikizidwa ndi ritonavir, ayenera kuuza dokotala asanapatsidwe inhela ya steroid. Ritonavir amalepheretsa chiwindi kuchotsa fluticasone ndi budesonide, kotero mankhwalawo amaunjikana m'thupi ndipo angatupitse nkhope, kukweza shuga ndi kufooketsa mafupa. Beclomethasone ndiye amasankhidwa kawirikawiri kwa odwala otere. Mapiritsi a TLD, amene anthu ambiri akumwa masiku ano, alibe vutoli.

Magazi, likodzo ndi nyongolotsi

Kuwerenga ma eosinophil kumachitika pa kuyeza magazi kwanthawi zonse, kumene zipatala za boma zimachita tsiku ndi tsiku, bola dokotala apemphe kuti maselo oyera awerengedwe mtundu ndi mtundu. N'kotchipa, n'kopezeka, ndipo umboni wake pa COPD ndi wolimba kuposa wa FeNO. Amene sanapeze mwayi woyezedwa FeNO asadandaule kuti amanidwa chinthu chachikulu.

Komabe magazi ali ndi chilema chimodzi chimene anthu akwathu ayenera kuchidziwa. Ma eosinophil ndi asilikali amene thupi limatumiza polimbana ndi nyongolotsi za m'mimba ndi likodzo. Munthu amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Chilwa kapena m'chigwa cha Shire, kapenanso amene amasamba m'mitsinje ya m'mphepete mwa nyanja ku KwaZulu-Natal, angakhale ndi likodzo kwa zaka zambiri osadziwa, ndipo ma eosinophil ake angapitirire 300 pa chifukwa chimene sichikukhudza mapapo. Malire a 100 ndi 300 aja anachokera ku kafukufuku wochitikira makamaka m'mayiko amene matendawa ndi osowa. Dokotala wa mumzinda sangaganizire za likodzo ngati simumuuza kumene munakulira. Magazi amanena za thupi lonse, pamene FeNO imatengedwa m'njira za mpweya mwenimwenimo. Ziwirizi zikakwera pamodzi, umboni wa kutupa kwa mtundu wachiwiri umalimba. Zikasemphana, ndi chifukwa chabwino chofunsira za fodya mbali imodzi, ndi kuyeza mkodzo ndi chimbudzi mbali inayo.

Mankhwala atsopano

Chidwi cha akatswiri pa FeNO mwa odwala COPD chakula chifukwa cha mankhwala a jakisoni otchedwa dupilumab, amene amatseka njira ya IL-4 ndi IL-13, timithenga tomwe tija timene timakweza nitric oxide. Pa kafukufuku wamkulu wa BOREAS, amene anasindikizidwa mu 2023, odwala COPD okhala ndi ma eosinophil 300 kapena kuposa amene analandira mankhwalawa anachepetsa kukula kwadzidzidzi kwa matenda ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse, ndipo amene FeNO yawo inali 20 kapena kuposa ndi amene anaoneka kupindula kwambiri. Mu 2024 mayiko a mu European Union ndi dziko la United States anavomereza dupilumab kwa odwala COPD a mtundu umenewu. Ndi mankhwala okwera mtengo kwambiri, operekedwa ndi akatswiri a mapapo kwa odwala ochepa amene akuvutikabe ngakhale akulandira mankhwala onse opumira. Tawatchula pano kuti mumvetse chifukwa chake dzina la FeNO layamba kumveka pa nkhani za COPD.

Mukapita ku chipatala

M'zipatala za boma ku Durban njira imayambira pa kiliniki ya m'dera lanu, imene imakutumizani ku chipatala monga Wentworth, Addington, R.K. Khan kapena Prince Mshiyeni, ndipo odwala ofunika akatswiri a mapapo amatumizidwa ku Inkosi Albert Luthuli Central Hospital ndi kalata. Makina a FeNO si chida cha pa kiliniki iliyonse. Amapezeka makamaka kwa akatswiri a mapapo ndi m'malo ochitira kafukufuku. Ngati mukupita kwa dokotala wolipira, funsani mtengo wake musanavomere, ndipo funsaninso ngati zotsatirazo zisintha mankhwala anu. Ngati yankho ndi lakuti sizisintha kanthu, ndalamazo zingagwire ntchito yabwino pa spirometry.

Tengani ma inhela anu onse, ngakhale amene munagula nokha kapena amene munabwereka kwa mnzanu, pamodzi ndi khadi la ma ARV ndi la TB ngati muli nawo. Konzekerani kuyankha mafunso awa: munayamba liti kubanika, munali ndi mphumu muli mwana kapena ayi, mwagonekedwa kangati m'chipatala kapena kupatsidwa prednisone kangati m'miyezi 12 yapitayi, mumasuta chiyani ndipo kwa zaka zingati, mumaphikira chiyani, ndi ntchito zimene mwagwirapo. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chikukuvutani, lembani mayankhowa papepala muli kunyumba kapena pitani ndi munthu amene angakumasulireni.

Musasiye steroid wopumira panokha chifukwa chakuti nambala yatuluka yotsika, ndipo musadikire tsiku la kuyezedwa ngati phuma lakula moti simungathe kumaliza chiganizo, milomo yada, mukusokonezeka maganizo kapena mukutsokomola magazi. Zikatero pitani ku chipatala nthawi yomweyo, kapena imbani 10177 kapena 112 pa foni yam'manja kuti mupeze ambulansi.